Malamulo "akanthawi" olimbana ndi uchigawenga: n'chifukwa chiyani safa msanga?

Usiku wa pa 21 Novembala 1974, mabomba adaphulika m'malo awiri omwera mowa pakati pa mzinda wa Birmingham ku England. Anthu 21 adafa ndipo ena oposa 180 adavulala. Patangotha masiku asanu ndi atatu, nyumba ya malamulo ya Britain idali itavomereza kale lamulo latsopano lolimbana ndi uchigawenga, lotchedwa Prevention of Terrorism Act. Nduna ya za m'dziko ya nthawiyo, Roy Jenkins, sidapite m'mbali: idauza aphungu kuti mphamvu zimene inkapempha zidali zankhanza, ndipo zidali zisanaikidwepo pamodzi chotero m'nthawi ya mtendere. Chimene chidakhazika pansi mitima ya aphungu ambiri chidali m'dzina lenileni la lamulolo, momwe mudali mawu akuti Temporary Provisions, kutanthauza kuti zonsezi n'zakanthawi chabe. Lamulolo limayenera kufa lokha pakatha miyezi isanu ndi umodzi, pokhapokha aphungu atalionjezera moyo.

Adalionjezera moyo kwa zaka 26. Ndipo pamene linkachotsedwa mu 2001, mphamvu zake zambiri sizidapite nalo kumanda. Zidangosamutsidwira m'lamulo lina lopanda tsiku lothera.

Nkhani ya Britain ndi imene imatchulidwa kawirikawiri pofunsa ngati malamulo otere amakhaladi akanthawi, chifukwa ndi yaitali ndiponso idalembedwa bwino m'mabuku a nyumba ya malamulo ndi m'zigamulo za makhothi. Koma zofanana nazo zidachitikanso ku America, ku France ndi kwina, kuphatikizapo kuno kwathu m'masiku a utsamunda.

Kodi lamulo lakanthawi limaoneka bwanji?

Zigawenga zikapha anthu ambiri nthawi imodzi, boma limapempha mphamvu zimene masiku onse likanakanizidwa. Zodziwika kwambiri ndi kusunga munthu m'manja mwa apolisi masiku ambiri asanaonekere kubwalo la milandu, kuimitsa ndi kusecha anthu pamsewu popanda chifukwa chowaganizira, kumvetsera mafoni ndi kuwerenga mauthenga a anthu, kuletsa mabungwe ena, ndi kuuza munthu komwe ayenera kukhala ngakhale sanapezeke wolakwa. Chilichonse mwa izi chimadula mbali ya ufulu wachibadwidwe, ndipo aphungu amadziwa zimenezo.

Pofuna kuti bilu idutse mwachangu, olemba amaikamo ndime yonena tsiku limene lamulolo lidzathe mphamvu. M'Chingerezi ndimeyi imatchedwa sunset clause, poyerekeza ndi kulowa kwa dzuwa. Ganizo lake ndi labwino: mantha akadzachepa, aphungu adzaonenso nkhaniyo mitu itazizira, ndipo ngati boma likuzifunabe mphamvuzo, lidzafotokoze chifukwa chake. Vuto ndi lakuti tsikulo likafika, funso limakhala litatembenuka. Poyamba boma ndi limene linkafunika kupereka zifukwa zochotsera anthu ufulu. Pa tsiku lokonzanso, phungu wofuna kuti lamulolo life ndi amene amafunsidwa ngati angatsimikize kuti mawa bomba silidzaphulika. Palibe wandale amene angalonjeze zimenezo.

Chiyambi chake ku Northern Ireland

Lamulo la 1974 silidali loyamba. Mu 1922, chilumba cha Ireland chitangogawidwa kumene ndipo kuphana kuli mkati, boma la Northern Ireland lidakhazikitsa lamulo lodziwika ndi dzina lakuti Special Powers Act. Lidapatsa nduna ya za m'dziko mphamvu zotsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, kuletsa misonkhano ndi zolembedwa, komanso kulamula kuti anthu asayende usiku. Limayenera kukhala chaka chimodzi. Lidakonzedwanso chaka ndi chaka mpaka 1928, kenaka lidapatsidwa zaka zisanu, ndipo mu 1933 lidasandutsidwa lamulo lokhazikika. Lidachotsedwa mu 1973, patatha zaka 51.

Ndi lamulo limeneli lomwe lidagwiritsidwa ntchito pa 9 Ogasiti 1971, pamene asilikali adagwira amuna 342 m'bandakucha powaganizira kuti ndi a gulu lankhondo la IRA. Ambiri mwa iwo sadali m'gululo, chifukwa mndandanda wa mayina udali wakale. Pofika mu Disembala 1975, pamene mchitidwewu udaimitsidwa, anthu pafupifupi 2,000 adali atasungidwapo popanda mlandu, unyinji wawo Akatolika. Olemba mbiri ambiri amagwirizana kuti kutsekera kumeneku kudachulukitsa achinyamata olowa IRA m'malo mochepetsa.

Lamulo limene lidalowa m'malo mu 1973 lidabweretsa china chachilendo: milandu ya uchigawenga iziweruzidwa ndi jaji mmodzi, popanda jury, gulu la nzika wamba limene ku Britain limagamula ngati munthu ndi wolakwa pa milandu ikuluikulu. Chifukwa chake chidali chomveka, poti anthu a m'maguluwa ankaopsezedwa. Makhothi amenewa, otchedwa Diplock potengera dzina la jaji amene adawaganizira, adathetsedwa mu 2007. Komabe lamulo lowathetsalo lidasiya khomo lotsegula loti milandu ina izizengedwabe popanda jury, kwa zaka ziwiri zokha. Kuyambira pamenepo, zaka ziwiri zikatha, aphungu ku Westminster akhala akuonjezera zina ziwiri.

Zaka 26 za lamulo la miyezi isanu ndi umodzi

Lamulo la 1974 lidalola apolisi kusunga munthu maola 48, ndipo nduna inkatha kuonjezera masiku ena asanu popanda jaji kuonapo. Lidaletsa gulu la IRA m'dziko la Britain. Lidapatsanso nduna mphamvu yothamangitsa nzika ya dzikolo kuchoka ku England, Scotland kapena Wales n'kuibweza ku Northern Ireland, ngakhale zonsezi ndi zigawo za dziko limodzi.

Ena mwa anthu oyamba kusungidwa pansi pa lamuloli adali achinyamata anayi amene adadzatchuka ndi dzina lakuti Guildford Four. Atafunsidwa kwa masiku angapo adavomera kuti ndiwo adaphulitsa mabomba m'tauni ya Guildford, ndipo mu 1975 adagamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse. Adatuluka mu Okutobala 1989 bwalo la apilo litapeza kuti umboni wa apolisi udali wosadalirika. Bambo wake wa mmodzi mwa iwo, Giuseppe Conlon, amene adamangidwa pa mlandu wokhudzana ndi womwewu, adafera m'ndende mu 1980. Nduna yaikulu Tony Blair idapepesa mabanjawo mu 2005.

Ngakhale zidali choncho, lamulolo lidalembedwanso mu 1976, mu 1984 ndi mu 1989, nthawi zonse mawu akuti "zakanthawi" ali pamutu pake. La 1984 lidakulitsidwa kuti likhudzenso uchigawenga wa m'maiko ena, osati wa ku Ireland wokha. Mu 1988, pa mlandu wa Brogan, bwalo la ku Europe loona za ufulu wachibadwidwe lidagamula kuti kusunga munthu masiku anayi ndi maola asanu ndi limodzi asanaonane ndi jaji n'kuphwanya ufulu wake. Boma la Margaret Thatcher silidasinthe lamulo. Lidangolengeza kuti dziko lili pangozi, choncho likudzipatula kwakanthawi ku ndime imeneyo ya pangano la ku Europe. Kanthawi kameneko kadafika mpaka 2001.

Chodabwitsa n'chakuti lamulo lokhazikika lidabwera nkhondo ya ku Northern Ireland itatha. Pangano la mtendere lidasainidwa ku Belfast pa 10 Epulo 1998. Chipani cha Labour, chimene kwa zaka zambiri chili kumbali yotsutsa chinkavota kukana kukonzanso lamulo lakanthawilo, ndicho chidali m'boma. Icho chidakhazikitsa Terrorism Act 2000, yomwe idayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2001, miyezi isanu ndi iwiri zigawenga zisanagwetse nsanja za ku New York. Tanthauzo la uchigawenga lidakulitsidwa kuti liphatikizepo zochita za zifukwa za ndale, chipembedzo kapena chikhulupiriro chilichonse, m'dzikomo ndi kunja komwe. Kunena chilungamo, zinthu zina zidakonzedwa: kuthamangitsa nzika kuja kudasiyidwa, ndipo mphamvu yoonjezera masiku osungira munthu idachoka kwa nduna n'kupita kwa jaji. Koma mtsutso wa chaka ndi chaka, womwe unkakumbutsa aphungu kuti mphamvuzi si zamasiku onse, udatha pa mbali yaikulu ya lamulolo.

Pamwamba pa lokhazikika, lakanthawi linanso

Munthu angaganize kuti lamulo lokhazikika likanatseka nkhaniyo. Sizidatero. Mu Disembala 2001 padabwera lamulo lina lololeza kusunga m'ndende, popanda mlandu ndiponso popanda malire a nthawi, anthu akunja oganiziridwa uchigawenga amene boma silikanatha kuwabweza kwawo. Ambiri adasungidwa kundende ya Belmarsh ku London. Pa 16 Disembala 2004, majaji asanu ndi atatu mwa asanu ndi anayi a bwalo lalikulu koposa m'dzikomo adagamula kuti zimenezi zikusemphana ndi ufulu wachibadwidwe. Mmodzi mwa iwo, Lord Hoffmann, adati chimene chikuopseza moyo wa fuko si uchigawenga koma malamulo onga amenewa.

Boma lidayankha mu 2005 ndi njira ina yotchedwa control order: munthu sakhala m'ndende, koma amauzidwa nyumba yokhalamo, maola otulukira panja, anthu amene angalankhule nawo, ndipo amavekedwa kachipangizo kumwendo kosonyeza komwe ali. Nayo inkakonzedwanso chaka ndi chaka. Mu 2011 idachotsedwa n'kulowedwa m'malo ndi ina yofewerako, yodziwika ndi chidule chakuti TPIM, imene poyamba siinkapitirira zaka ziwiri pa munthu mmodzi. Mu 2021 malirewo adakwezedwa kufika zaka zisanu.

Masiku osungira munthu asanaimbidwe mlandu nawo adakwera ngati mtengo wa chimanga m'nyengo ya njala. Adali 7, mu 2003 adafika 14, ndipo mabomba a pa 7 Julayi 2005 atapha anthu 52 m'sitima ndi m'basi ku London, Blair adapempha masiku 90. Apa aphungu adakana ndi mavoti 322 kwa 291, koyamba Blair kugonja m'nyumbayo chilowereni m'boma mu 1997. Koma adavomereza masiku 28. Gordon Brown adayesa 42 mu 2008, nyumba ya Lords idamukanira. Mu Januwale 2011 chiwerengerocho chidabwerera pa 14, ndipo ambiri adati ufulu wapambana. Masiku 14 ndi kuwirikiza kawiri masiku amene Jenkins adawatcha ankhanza mu 1974.

Mphamvu zikapeza ntchito zina

Chifukwa china chimene malamulowa amavutira kufa n'chakuti amapeza ntchito zimene aphungu sadaziganizire, ndipo ozigwiritsa ntchitowo amazolowera. Gawo 44 la lamulo la 2000 lidalola apolisi kusecha aliyense popanda chomuganizira, m'dera limene lasankhidwa, kwa masiku osapitirira 28. Ku London chilolezocho chinkakonzedwanso chikangotha, mwakuti mzinda wonse udakhala dera losankhidwa kwa zaka zambiri motsatizana. Mu 2005 nkhalamba ya zaka 82, Walter Wolfgang, idatulutsidwa pamsonkhano waukulu wa chipani cha Labour chifukwa chokuwiza nduna pa nkhani ya nkhondo ya ku Iraq, ndipo itafuna kulowanso apolisi adaiimitsa pogwiritsa ntchito gawo limeneli. M'chaka cha 2009 mpaka 2010 anthu adasechedwa maulendo oposa 100,000, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene adamangidwa pa mlandu wa uchigawenga.

Gawoli silidafe chifukwa cha tsiku lothera. Lidagwetsedwa ndi anthu awiri, wophunzira Kevin Gillan ndi mtolankhani Pennie Quinton, amene adasechedwa mu 2003 pafupi ndi chionetsero cha malonda a zida zankhondo ku London. Adaluza m'makhothi onse a kwawo, koma mu Januwale 2010 bwalo la ku Europe lidawagamulira mokomera. Gawolo lidafafanizidwa mu 2012.

Chitsanzo chimene chimaseketsa ena koma chidapweteka anthu a ku Iceland chidachitika mu Okutobala 2008. Banki ya kumeneko, Landsbanki, itagwa, boma la Britain lidatseka chuma chake pogwiritsa ntchito lamulo la 2001 lija lolimbana ndi uchigawenga. Panalibe chigawenga pankhaniyo, padali ndalama za anthu osungitsa.

Ku America: zina zidatha, zambiri zidatsala

Lamulo la USA PATRIOT Act lidasainidwa ndi George W. Bush pa 26 Okutobala 2001, patatha masiku 45 chichitikireni chiwembu cha pa 11 Seputembala chimene chidapha anthu pafupifupi 3,000. M'nyumba ya Senate, mmodzi yekha, Russ Feingold, ndiye adavota kukana. Zigawo 16 za lamuloli zidapatsidwa tsiku lothera, kumapeto kwa 2005. Mu Malichi 2006, zigawo 14 mwa izo zidasandutsidwa zokhazikika.

Mwa ziwiri zotsalazo, gawo 215 ndilo lidadzatchuka. Pamapepala linkalola boma kuitanitsa zolembedwa zokhudzana ndi kafukufuku wa uchigawenga. Mu Juni 2013, zikalata zimene Edward Snowden adaulula zidaonetsa kuti bungwe la akazitape la NSA linkaligwiritsa ntchito kutolera mndandanda wa mafoni a anthu mamiliyoni ambiri: ndani waimbira yani, liti, kwa nthawi yaitali bwanji. Aphungu adakhala akulikonzanso gawoli pamene anthu wamba sankadziwa mmene boma linkalitanthauzira mwachinsinsi. Apa ndi pamene kufooka kwa tsiku lothera kumaonekera bwino: nkovuta kuunika mphamvu imene kagwiritsidwe ntchito kake ndi kobisika. Mu Januwale 2014 bungwe la boma lomwelo loyang'anira za ufulu wa anthu lidati silidapeze nkhani ngakhale imodzi pamene kutolera kumeneku kudasinthadi zotsatira za kafukufuku wa uchigawenga. Mu 2015 bwalo la apilo lidagamula kuti lamulolo silinkaloleza zimenezo, ndipo lamulo la USA Freedom Act lidathetsa kutolera kwachisawawako. Gawo 215 lidatha mphamvu pa 15 Malichi 2020, nyumba ziwiri za malamulo zitalephera kugwirizana za kalembedwe katsopano.

Komabe zina za mu 2001 zikadali zamoyo. Chilengezo cha pa 14 Seputembala 2001 chakuti dziko lili pangozi chimayenera kutha pakapita chaka ngati mtsogoleri sanachikonzenso, ndipo Bush, Barack Obama, Donald Trump ndi Joe Biden onse ankachisainira chaka ndi chaka. Chilolezo chomenya nkhondo ndi amene adakonza chiwembucho, chimene phungu mmodzi yekha, Barbara Lee, adachikana, chidalibe tsiku lothera n'komwe, ndipo mu 2014 chidagwiritsidwa ntchito polimbana ndi gulu la Islamic State, lomwe kudalibe mu 2001. Gawo 213 la PATRIOT Act, lolola kusecha nyumba mwiniwake n'kumuuza pambuyo pake, malipoti a makhothi amasonyeza kuti lagwira ntchito kwambiri pa milandu ya mankhwala ozunguza bongo kusiyana ndi ya uchigawenga.

Ku France: kutuluka polowa

Usiku wa pa 13 Novembala 2015 zigawenga zidapha anthu 130 mumzinda wa Paris, ndipo François Hollande adalengeza kuti dziko lili pangozi. Lamulo limene adagwiritsa ntchito lidalembedwa mu 1955, m'nthawi ya nkhondo ya ku Algeria. Lidalola akuluakulu a boma, popanda chilolezo cha jaji, kusecha nyumba usiku ndi usana komanso kulamula munthu kuti asatuluke m'dera lake. Milungu iwiri isanathe n'komwe bwino, mphamvuzi zidagwera anthu 24 omenyera za chilengedwe, amene adaletsedwa kuyenda pa nthawi ya msonkhano wa COP21 wokambirana za kusintha kwa nyengo.

Pa 14 Julayi 2016 masana, Hollande adauza dziko kuti nyengo yangoziyo itha kumapeto kwa mweziwo, chifukwa siingapitirire mpaka kalekale. Usiku wa tsiku lomwelo munthu wina adaomba khamu la anthu ndi lole mumzinda wa Nice n'kupha 86. Nyengoyo idaonjezeredwa. Yonse pamodzi idaonjezeredwa kasanu ndi kamodzi, nyumba zoposa 4,000 zidasechedwa, ndipo milandu ya uchigawenga imene idatuluka m'kusechako idali yochepa kwambiri.

Emmanuel Macron adaithetsa pa 1 Novembala 2017. Masiku awiri m'mbuyo mwake adali atasainira lamulo latsopano lomwe lidalowetsa m'malamulo a masiku onse mphamvu zinayi zofanana ndi za nthawi yangozi: kutchinga malo ndi kusecha olowamo, kutseka nyumba zopemphereramo, kuletsa munthu kutuluka m'dera lake, ndi kusecha nyumba, ngakhale kusechaku tsopano kumafuna chilolezo cha jaji. Pofuna kutonthoza otsutsa, mphamvu zinayizo zidaikidwa ngati zoyeserera mpaka kumapeto kwa 2020. Zidaonjezeredwa miyezi ingapo, kenaka lamulo la pa 30 Julayi 2021 lidazikhazikitsa.

Amene adafa, adafa bwanji?

Kunena kuti lamulo lakanthawi silifa konse kungakhale kukokomeza. Ku Canada, mu 2007 aphungu adakana kukonzanso zigawo ziwiri za lamulo lawo la 2001, ndipo zidatha. Koma zidabwezeretsedwa mu Epulo 2013, patangopita masiku ochepa mabomba ataphulika pampikisano wothamanga ku Boston. Ku India, lamulo la TADA la 1985 lidasiyidwa kuti life mu 1995 anthu atadandaula kwambiri ndi nkhanza zake. La POTA la 2002 lidachotsedwa mu 2004 boma litasintha, koma zambiri za m'kati mwake zidalowetsedwa m'lamulo lakale la UAPA, lomwe lilipo mpaka lero. Ku Sri Lanka lamulo la 1979, nalonso lokhala ndi mawu akuti "zakanthawi" pamutu pake, lidakhazikitsidwa mu 1982 ndipo lidapitirira ngakhale nkhondo yapachiweniweni itatha mu 2009.

Poyang'ana zitsanzo zonsezi, tsiku lothera palokha silidaphe mphamvu zambiri. Kusunga anthu ku Belmarsh ndi kusecha kwa gawo 44 kudathetsedwa ndi majaji. Kutolera mafoni ku America kudathetsedwa chinsinsi chitaululika. POTA ndi masiku 28 a ku Britain zidatha chifukwa chisankho chidabweretsa boma lina limene lidalonjeza kutero. Tsiku lothera limathandiza pokhapokha litakumana ndi chimodzi mwa zinthu zimenezi, chifukwa pamenepo otsutsa safunika kupambana voti yochotsa lamulo, amangofunika kulepheretsa voti yolikonzanso.

Maboma nawo ali ndi mfundo imene siyenera kunyozedwa. Amati uchigawenga si kusefukira kwa mtsinje kumene kumaphwa mvula ikatha. IRA itatula zida kudabwera al-Qaeda, kenaka Islamic State, kenaka anthu ochita okha ziwembu atakopedwa pa intaneti. Ngati ngozi ndi yokhalitsa, iwo amati, ndi bwino kulemba lamulo lokhazikika modekha kusiyana ndi kulemba lina mothamanga maliro ali m'nyumba. Umu ndi mmene jaji Lord Lloyd adalangizira boma la Britain mu 1996, ndipo ndi pamene padachokera lamulo la 2000. Mfundoyi ikadakhala yolimba kwambiri zikanakhala kuti lamulo lokhazikikalo lidaletsa ena othamangitsa kubwera pambuyo pake. Monga zaonekera, mu 2001, 2005 ndi 2006 adabwerabe. Komanso amene akuvomereza mfundoyi akuvomereza kuti ufulu umene waperekedwa subwereranso, pamene chimene aphungu adauzidwa pa tsiku loyamba chidali chakuti ndi ngongole ya miyezi yochepa.

Nyasaland, 1959

A Malawi akuluakulu safunika kuphunzitsidwa zimenezi ndi azungu, ngakhale kuti kuno chifukwa chimene chidaperekedwa sichidali uchigawenga monga tikuudziwira lero. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza State of Emergency, ponena kuti chipani cha Nyasaland African Congress chikukonza chiwembu chopha azungu. Dr Hastings Kamuzu Banda adatengedwa m'bandakucha n'kukatsekeredwa ku Gwelo, ku Southern Rhodesia, ndipo anthu oposa 1,000 adasungidwa popanda mlandu. Komiti ya jaji Patrick Devlin idapeza kuti anthu 51 adaphedwa, 20 mwa iwo ku Nkhata Bay, ndipo siidapeze umboni wa chiwembu chachikulu chimene boma linkanena. Lipotilo lidatcha Nyasaland dziko lolamulidwa ndi apolisi, n'kuonjezera kuti mosakayika zidali choncho kwakanthawi chabe.

Nyengo yangoziyo idathetsedwa mu Juni 1960, koma chaka chomwecho boma la atsamunda lidakhazikitsa lamulo la Preservation of Public Security, lopatsa boma mphamvu zonga zomwezo popanda kulengeza State of Emergency. Dziko litalandira ufulu mu 1964, amene adali andende a mu 1959 sadalichotse. Pambuyo pa kusamvana kwa nduna kwa 1964 ndi kuukira kwa Henry Masauko Chipembere mu Febuluwale 1965, malamulo ang'onoang'ono olembedwa pansi pa lamulolo adalola kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu. Dzeleka ndi Mikuyu adakhala mayina oopedwa. Mlakatuli Jack Mapanje adakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osauzidwa mlandu wake m'khothi. Mchitidwewu udatha pambuyo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993.

Olemba malamulo oyendetsera dziko a 1994 adali ndi mbiri imeneyi m'maganizo pamene ankalemba gawo 45. Gawoli limati chilengezo cha State of Emergency chisapitirire masiku 21, pokhapokha Nyumba ya Malamulo itaonjezera ndi mavoti a magawo awiri mwa atatu a aphungu onse, ndipo kuonjezerako kusapitirire miyezi itatu pa nthawi imodzi. Limatchulanso maufulu amene sangakhudzidwe ngakhale zinthu zitavuta chotani, monga ufulu wokhala ndi moyo ndi wosazunzidwa, ndipo limapatsa Bwalo Lalikulu mphamvu younika ngati chilengezocho chili choyenera. Malire a masiku amenewa amagwira ntchito pa ngozi yolengezedwa. Bilu wamba yokhudza chitetezo imadutsa ndi mavoti ongopitirira theka la aphungu ovota, siifuna kukonzedwanso pakatha miyezi itatu, ndipo wofuna kuitsutsa amayenera kupita nayo kukhothi yekha. Imeneyo ndi njira imene Nyasaland idadzera mu 1960, Britain mu 2000 ndi France mu 2017.